Khasu Losaoneka Kumanda

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Ndimangokumbuka kuti mango anali atayamba kupsa, ndipo mlongo wanga wamkulu, Eneresi, anandiperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo atasenza khasu langa paphewa. Titafika pamlathopo anandipatsa khasulo. Ine ndinaseka.

"Achemwali, kutauni amalima pa phula?"

"Sindikunena zolima ine, achimwene," anatero Eneresi. "Kwathu kuno mwamuna amadziwika ndi khasu lake kumanda. Ine ndizipita ndi ufa ndi nkhuni, ndizilira ndi olira, koma dzenje sindingakumbe. Mwamuna wa nyumba yathu ndi inu nokha. Mukamva maliro muzibwera."

Zimene ankanenazo ndinkazidziwa bwino. Kwathu adzukulu, amuna okumba manda, saiwala nkhope. Amene safika pa maliro a anzake, tsiku zovuta zikagwa pakhomo pake amamusiyira dzenje akumbe yekha. Eneresi analibe mwana wamwamuna, ndipo mwamuna wake anali atabwerera kwawo kalekale. Choti Eneresiyo adzaikidwa ngati munthu kapena ayi chinali pa khasu langalo. Koma ndinali wachinyamata, ndipo imfa ndinkaiona ngati matenda a anthu aulesi. Ndinamubwezera khasu, ndinati akalisunge kuseri kwa chitseko mpaka nditapeza ntchito yosatha.

Tauni yoyamba inali ndi msewu umodzi, positi ofesi ndi mtengo wa mkuyu pamene ofuna ntchito ankakhala kuyambira m'mawa. Fumbi lake linali lofiira, lolowa mpaka m'mano. Pansi pa mkuyuwo ndinakumana ndi bambo wina wa jekete, wolankhula mofatsa ngati namwino. Chimene ndinachiona choyamba ndi nsapato zake. Zinali zakuda, zonyezimira, ndipo fumbi lonselo silinkazigwira. Ankaitana anthu mmodzimmodzi.

"Mumadziwa kuchita chiyani?" anandifunsa.

"Kulima."

"Kulima ndi kwa dzulo. Mawa munthu aliyense adzafuna kalata, ya kukhoti, yofunsira ntchito, yofunsira mbeta. Phunzirani kutaipa, simudzagona ndi njala."

Ananditumiza kwa a Levisoni, mkulu wina wowonda amene ankataipira anthu makalata pakhonde la positi ofesi. A Levisoni anali atachoka kwawo zaka zambiri moti dzina la mudzi wawo ankalitchula mokayika. Anandiphunzitsa kuika pepala mowongoka ndi kumenya zilembo osayang'ana zala. Anandiphunzitsanso chachikulu pa ntchitoyo.

"Munthu akamalira pamaso pako, iwe usalire," ankatero. "Funsa adiresi."

Nyengo za mvula zinadutsa zitatu ndili pakhondepo. Tsiku lina kalata inabwera ya ine mwini, yolembedwa ndi pensulo. Eneresi ankandiuza kuti amalume amwalira. Kalatayo inali itayenda masabata awiri, ndipo ndivomere kuti mtima wanga unapepuka, poti munthu sangapite kokakumba dzenje lokwiriridwa kale. Ndinamuyankha pa taipi, mizere yowongoka bwino, ndi mawu achisoni amene ndinali nditalembera kale anthu ena ambiri.

Kenako anthu anayamba kuyenda atagwira khutu, akulankhula okha pamsewu. Mzere wa pakhonde unafupika mpaka unatha. A Levisoni ankabwerabe m'mawa uliwonse, n'kupukuta taipi yawo, n'kuikamo pepala, madzulo n'kulitulutsa loyera. Atamwalira panalibe wodziwa kwawo. Thupi linakhala kuchipatala mpaka anabwera akaidi pa lole kudzalitenga, poti ku tauni munthu wopanda abale amaikidwa ndi akaidi. Ine sindinaperekeze. Tsiku limenelo ndinali nditamva kuti ku tauni ya kutsogolo kukulembedwa anthu.

Tauni yachiwiri inali yaikulu, ya depoti ya mabasi ndi msika wosagona. Koma mkuyu unalipo, ngati unanditsogolera usiku, ndipo pansi pake panali bambo yemwe uja. Sanakalambe. Nsapato zinali zomwe zija. Iye sanandizindikire.

"Mumadziwa kuchita chiyani?"

"Kutaipa."

"Kutaipa ndi kwa dzulo. Mawa ngakhale woweta mbuzi adzakhala ndi foni, ndipo foni imadya tsiku lililonse ngati mwana. Gulitsani mayunitsi."

Ndinapeza ambulera, katebulo ndi malo pakona pa depoti. Malowo ndinachita kuwamenyera, ndipo dzino langa lina linatsala pomwepo. Ndinasunga chikhadabo chachitali pa chala chaching'ono chopalira timakadi, moti nkhalamba zosaona bwino zinkandipatsa foni kuti ndiziikire manambala. Ndinanenepa pang'ono. Ndinagula foni yangayanga, ina ndinatumizira Eneresi, ndikudziona ngati ndamumangira nyumba ya malata.

Pa foni yomweyo ndi pamene anandiimbira.

"Achimwene, amayi atisiya m'mawa uno. Tiika mawa. Basi ya masana mukhoza kuipeza."

Basiyo ndinkaiona ndi maso anga, inali itaima pamaso panga ikudzaza anthu. Koma pakona pa depoti munthu ukachokapo tsiku limodzi, pobwera umapeza ambulera ya wina. Ndinauza Eneresi kuti ntchito yandipanikiza. Ndinatumiza ya bokosi, ndipo ndinalamula kuti likhale la zogwirira zinayi zonyezimira, kuti anthu atseke pakamwa.

Patapita masiku anaimbanso.

"Bokosi linali lokongola, zogwirira zake ana amadziyang'anirapo. Koma bokosi silikumba, achimwene. A Pondani akuti amayi awakumbira chifukwa cha misozi yanga. Akuti aka n'komaliza."

A Pondani anali mkulu wa adzukulu, munthu wosakweza mawu. Ndinayankha kuti a Pondani aphunzire kuti dziko likusintha. Ndinalira ndithu tsiku limenelo, kuseri kwa ambulera, koma munthu atabwera kudzagula ndinafunsa kuti akufuna a zingati.

Sipanapite nthawi, mafoni anayamba kugula okha mayunitsi osafuna kakadi. Ambulera ndinaigulitsa kwa mayi wa zitumbuwa. Chikhadabo ndinachiwenga.

Za m'zaka zotsatira zimasakanikirana m'mutu mwanga. Ndinapalasa kabaza m'tauni ina ya zitunda mpaka mawondo anayamba kulira, ndiye kunabwera njinga zamoto. Ndinathyola tiyi pa esiteti ina ya nkhungu, ndiye kunabwera makina ometa tiyi ngati tsitsi, amodzi kugwira ntchito ya anthu makumi atatu. Ndinalondera sitolo, eni ake n'kupachika kamera pakhoma, imene siwodzera ndipo sipempha tiyi. Kulikonse mkuyu unalipo, ndi bambo uja, ndi funso lake. Nthawi zonse ankanena zoona. Mawa lake linkafikadi, kungoti ine ndikamafika linkakhala likulongedza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndinali ine, wa imvi m'ndevu. Mauthenga a maliro ankabwerabe, a msuweni, a mwana wa a Pondani, a anthu amene ndinasewera nawo mpira wachikulunga. Ndinkayankha kuti pepani.

Mzinda womaliza unali wa nyumba zazitali. Kumeneko bamboyo anandiuza kuti ntchito zonse za manja ndi za dzulo, koma makina ndi mwana, amafuna womuphunzitsa, ndipo mphunzitsi sasowa ntchito. Anatilowetsa m'chipinda chozizira, anthu zana, aliyense ndi kompyuta yake. Pagalasi pankabwera chithunzi, ife n'kuuza makinawo chimene chili pamenepo. Iyi ndi mbuzi. Ili ndi tsamba la chimanga lodwala. Ili ndi khasu. Makasu ndinawaloza ambiri kuposa amene mudzi wathu unagwirapo chiyambire. Manja anga anafewa ngati a wansembe, ndipo ndinkanyadira.

Eneresi anaimba ndili pa ntchitoyo. Mawu ake anali atachepa.

"Achimwene, ine ndatopa. Miyendo yatupa, sindikufikanso kuchitsime. Sindikupempha mankhwala. Mungobwera mudzakumbeko dzenje limodzi, la munthu wina aliyense, anthu akuoneni. Ndikuopa kudzanunkha m'nyumba."

"Musalankhule choncho, achemwali. Ntchito ino ndi yosatha, ndaipeza tsopano. Tikangomaliza gawo lino ndibwera."

"Chabwino," anatero.

Gawolo linathadi. Makina anali ataphunzira, ankadziwa mbuzi kuposa ife. Bambo wa nsapato anabwera kudzatithokoza, anati ndife aphunzitsi abwino kwambiri amene anawaonapo, ndipo tisiye makadi athu olowera pakhomo patebulo. Ndikutsika masitepe foni inalira. Anali Nachanza, mayi woyandikana nyumba ndi Eneresi. Sindinadikire kuti amalize kunena.

Ulendo uno basi ndinakwera. Chinali chilimwe, nyenje zikulira, dzuwa lotentha kuyambira m'mawa. Mlatho wa mitengo uja unali utasanduka wa simenti, ndipo pafupi pake anthu opanga msewu anali ndi zimakina zawo zachikasu. Pasiwa amayi ankalira m'nyumba. Amuna anali atakhala pamthunzi, makasu ali pansi pafupi ndi mapazi awo. A Pondani anali atakalamba, koma maso anali omwe aja. Anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwafika, achimwene. Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo. Kodi kumanda anthu apita kale?"

"Anthu ake ati?" anafunsa mofatsa. "Khasu lanu lili kuseri kwa chitseko. Malemu analisunga bwino, chaka chilichonse amalipaka mafuta."

Ndinayang'ana amuna aja mmodzimmodzi. Ena ndinasewera nawo, ena anali ana a anthu amene ndinasewera nawo. Panalibe wokwiya. Ankangondiyang'ana ngati anthu odikira basi. Ndinatulutsa chikwama m'thumba, a Pondani n'kupukusa mutu.

"Bwezani. Maliro n'kulirana, sagula. Ndipo fulumirani, dzuwa ili simukuliona? Thupi lagona kale usiku umodzi."

"Ndikakumbe pati?"

"Mwana wamkazi amagona pafupi ndi mayi ake. Ndi mmene timachitira."

"Amayi ali pati?"

"Amene anabwera akudziwa," anatero a Pondani.

Manda a kwathu ali m'kankhalango, ndipo alibe miyala yolembedwa. Mitumbira imaphwa ndi mvula, masamba n'kukwirira. Adzukulu amadziwa pogona aliyense ndi mitengo, uyu kumutu kwa muwanga, uyu kumiyendo kwa uja. Ine ndinalowamo ndekha ngati mlendo. Amuna aja ananditsatira chapatali, n'kukhala m'mphepete, manja ali m'khwapa.

Ndinayesa malo oyamba, khasu linadumpha ngati ndamenya mwala. Achiwiri chimodzimodzi. Ndinayendayenda ndikugogoda pansi mpaka ndinapeza malo osalala pamene khasu linalowa mosavuta. Ndinasangalala. Ndinati mwayi wandiona. Mwana aliyense wa kwathu amene anagwirapo khasu kumanda amadziwa tanthauzo la dothi lofewa m'chilimwe, koma ine ndinali mphunzitsi wa makina.

Ngakhale pofewapo sindinapite patali. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini unayamba kuterera ndi magazi. Dzuwa likufika pamutu, dzenje linali lolekeza m'akakolo. Mphepo ikatembenuka ndinkamva kulira kwa amayi kumudzi, ndipo ndinkakumbuka chimene Eneresi ankaopa. Ndinachita mantha, kenako mantha anasanduka ukali. Ndinati anthu awa akufuna ndigwade, koma ine ndaona dziko, ndikudziwa mmene ntchito imagwiridwira masiku ano.

Ndinathamangira ku mlatho. Opanga msewu anali pa nkhomaliro. Woyendetsa chimakina chokumba, bambo wina wa mimba dzina lake Wisikesi, anakana kawiri, koma nditamuika foni yanga m'manja anapukuta pakamwa n'kukwera. Chimakinacho chinalowa m'mudzi nkhuku zikubalalika, chinalowa m'kankhalango chikuthyola nthambi. Ine ndinali patsogolo ndikuloza njira, chifuwa chili patsogolo. Ndinaloza kadzenje kanga.

Apo amuna aja anaimirira onse. A Pondani anayamba kubwera akutsimphina, dzanja lili m'mwamba, akunena kanthu kena, koma phokoso la injini linameza mawu awo. Ndinaganiza kuti ndi nsanje. Ndinakodola Wisikesi kuti apitirize.

Chimkono chachitsulo chinatapa koyamba, dothi lofiira. Kachiwiri, dothi lakuda. Kachitatu kunamveka kuthyoka kwa matabwa, ndipo chimkonocho chitakwera, pa mano ake panali pakulendewera nsanza ya bulangete ndi thabwa lowola. Pathabwapo panali chogwirira. Chinali chitachita dzimbiri m'mbali, koma pakati chinkanyezimirabe. Zina zimene zinagwa kuchokera m'chimkonomo sindizitchula.

Wisikesi anazimitsa injini, anatsika, n'kuthawa osatseka chitseko. Nkhalango inangoti zii, kupatula nyenje. A Pondani anafika pambali panga akupuma movutika, anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali.

"Mumafunsa," anatero. "Amayi anu ndi awa."

Palibe anandimenya, ndipo ndikadakonda akadandimenya. Amuna aja anangondilambalala ngati chitsa. Anavula nsapato, analowa m'dzenje, anatola amayi ndi manja, fupa lililonse, n'kuwakulunga mu nsalu yatsopano imene Nachanza anathamanga nayo kuchokera kumudzi. Anawagonekanso pamalo pawo. Kenako anayeza mapazi atatu kumanzere, pa dothi lolimba limene khasu langa linadumphapo m'mawa, n'kuyamba kukumba. Ankalandirana makasu. Dzuwa lisanapendeke kwambiri dzenje linali litatha.

Eneresi anaikidwa madzulo omwewo. Bokosi likudutsa anthu ena anagwira mphuno ndi nsonga za zitenje, mobisa, kuti asamuchititse manyazi. Ine ndinaona. Itafika nthawi yoti abale aponye dothi ndinawerama kuti nditape, koma a Pondani anandigwira pamkono.

"Takumbira Eneresi, amene anaphika pa maliro a ana athu onse. Inu dothi lino mwaligwira mokwanira. Musadzavutike kuuza anthu kuti adzakubweretseni kuno."

M'mawa mwake Nachanza anandiperekeza mpaka pa mlatho atasenza khasu langa paphewa. Pamlathopo anandipatsa, ndipo ulendo uno ndinalandira.

Kuyambira pamenepo ndimayenda nalo. Ndikamva kulira m'mudzi uliwonse ndimapatuka, ndimavula nsapato, ndimalowa m'dzenje. Manja anga analimbanso. Ndinaphunzira kumva dothi ndi mpini, kudziwa pogona munthu ndisanakande n'komwe. Ndakumbira anthu ambiri amene sindinawaonepo nkhope. Eni maliro amandipatsa chakudya, amathokoza, kenako amafunsana chapansipansi kuti kodi bambowa ndi a kwa yani. Palibe wodziwa. Khasu limaonekera kwanu, kwa eni limangokhala la munthu wodutsa.

M'tauni ina anandilemba ganyu ku manda aakulu a mizere yowongoka, okhala ndi manambala. Ndinati mwina iyi ndiyo yosatha ija, poti anthu sasiya kufa. Ndinakumba nyengo ziwiri. M'mawa wina ndinamva injini kuchipata. Chimakina chachikasu chinakumba maenje khumi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kapitawo anatiuza kuti tisabwerenso.

Kunja kwa chipata kunali mkuyu. Mzere unali wautali, wa anthu a matayi ndi a nsanza, ena atanyamula mapepala a sukulu zapamwamba. Ndinaima nawo chifukwa miyendo yanga inazolowera. Nthawi yanga itakwana ndinayang'ana nsapato zija. Panalibe ndi kafumbi komwe.

"Mumadziwa kuchita chiyani, agogo?" anafunsa.

Ndinaganiza za taipi, za chikhadabo, za mbuzi za pagalasi. Ndinafufuza chimene ndinatsala nacho chimene sichinathe ntchito.

"Ndimadziwa pamene pagona amayi anga," ndinatero.

Anamwetulira mwaulemu, ngati namwino.

"Zimenezo ndi za dzulo," anatero, n'kuitana wotsatira.

Ndinasenza khasu langa n'kutsika kumsewu. Lole ya akaidi inkadutsa pang'onopang'ono, anyamata a zovala zoyera ataima kumbuyo atagwira mafosholo. Ndinaima pambali, ndinavula chipewa, ndinawapatsa moni ndi manja awiri. Masiku ano ndimatero nthawi zonse, kuti mwina mmodzi adzakumbuke nkhope yanga.